Mipando iwiri mayuro 2 miliyoni: chimakweza mtengo wa katundu wakale wa m'nyumba za ku France n'chiyani?

Mu June 2025 khothi la ku Pontoise, kufupi ndi Paris, linagamula mlandu womwe ambiri atangoumva anagwira pakamwa, kuti zoona nkhani yonseyi ndi ya mipando basi? Bill Pallot, munthu yemwe kwa zaka zambiri ankadziwika kuti palibe womuposa pa nkhani ya mipando ya ku France ya m'zaka za m'ma 1700, anapezeka wolakwa limodzi ndi mmisiri wosema matabwa, Bruno Desnoues. Awiriwa ankakhoma mipando yatsopano n'kumaigulitsa ngati yamakedzana, yoti ankakhalira anthu a kubanja lachifumu. Ndipo omwe anapusitsidwa si anthu wamba ayi. Nyumba yachifumu ya Versailles yeniyeniyo, yomwe lero ndi malo oonetsera zakale ndipo ili ndi akatswiri akeake, inagula iwiri mu 2009 pa mayuro 840,000, ina iwiri inapita kwa kalonga wina wa ku Qatar pa mayuro 2 miliyoni.

Nde munthu umadzifunsa, mpando si thabwa, nsalu ndi misomali? Ndalama zonsezi akugula chani kwenikweni? Kuti zimveke bwino tiyambe talowa m'nyumba imodzi yomwe inadzaza ndi katundu wotereyu, kenako tiziona mawu omwe anthu a bizinesi imeneyi amagwiritsa ntchito, chifukwa ndalama yonse yagona pa mawu amenewo.

Nyumba yomangira katundu

Pakati pa Nice ndi Monaco pali kamtunda kolowa m'nyanja kotchedwa Saint-Jean-Cap-Ferrat. Pamenepo mayi wina wa kubanja la eni mabanki, Béatrice de Rothschild, yemwe anakwatiwa ndi Maurice Ephrussi, anagula malo mu 1905, chaka chomwe bambo ake anamwalira n'kumusiyira chuma chambiri. Nyumba inamangidwa kuyambira 1907 mpaka 1912, ya pinki kunja konse, nyanja mbali zonse ziwiri. Lero imatchedwa Villa Ephrussi de Rothschild.

Chodabwitsa chake n'choti ife timamanga nyumba kaye, katundu pambuyo, ndalama zikalola. Mayiwa anachita zotembenuza. Ankagula matabwa osemedwa omwe kale ankakuta makoma a nyumba zina za ku Paris, zitseko, denga lojambulidwa, makapeti, ndiye zipinda zinkayenera kukwanira zinthu zimenezi. Anthu amasimba kuti katundu ankabwera pa sitima mpaka pa siteshoni ya Beaulieu, iwo n'kumasankhira pomwepo papulatifomu, ichi chilowe ichi chipite kwina. M'nyumbamo muli mbale ndi makapu adothi loyera a ku Vincennes ndi Sèvres, fakitale yomwe inayamba mu 1740 n'kusamukira ku Sèvres mu 1756 mfumu Louis XV n'kudzakhala mwini wake mu 1759, muli nsalu zoluka zopachika pakhoma zochokera ku Gobelins, muli zojambula za Fragonard, muli kapeti yomwe inalukidwa nthawi ya Louis XIV kuti ikayalidwe ku Louvre (nyumba yachifumu ya ku Paris yomwe lero ndi malo aboma oonetsera zakale), mulinso kachipinda ka anyani momwe muli tiziboliboli tadothi ta ku Meissen ta anyani akuimba zing'wenyeng'wenye. Zonse pamodzi zimakwana ngati 5,000. Atamwalira mu 1934 anasiyira nyumba ndi zonse zamkatimo bungwe la Académie des Beaux-Arts, n'chifukwa chake lero aliyense atha kulipira pakhomo n'kulowa kukaona.

Onani kuti pafupifupi zonsezi zinali zakale kale pomwe mayiwa ankazigula, zaka 130, zina 200. Nde nyumba ya mu 1912 koma mkati mwake mukununkhira 1770. Izi ndi zomwe anthu olemera akuchitabe mpaka pano akagula nyumba kumudzi ku France. Wosoka zovala wotchuka uja Hubert de Givenchy anadzaza nyumba yake ya ku Paris ndi ina ya kumudzi yotchedwa Le Jonchet, ndipo katundu wake atagulitsidwa pa okushoni ku Christie's mu June 2022 anadutsa mayuro 100 miliyoni.

Wanthawiyo ndi wongotengera

Mukamawerenga za katunduyu muziona mayina a mafumu, mpando wa Louis XV, kabati ya Louis XVI. Sizikutanthauza kuti mfumuyo inakhalapo ayi, ndi dzina la kapangidwe ka nthawi yomwe inkalamulira. Njira yachidule yosiyanitsira ndi kuyang'ana miyendo. Ya Louis XV, yemwe analamulira 1715 mpaka 1774, miyendo yake ndi yokhota ngati mwendo wa mbawala, paliponse zosema za maluwa ndi zigoba, mzere wowongoka kusowa. Ya Louis XVI, 1774 mpaka 1792, miyendo inawongoka, yozungulira, yocheperako kumunsi, ili ndi timizere totsika. Kusinthaku kunabwera chifukwa ku Italy anayamba kufukula mizinda yakale yomwe inakwiririka ndi phiri lophulika, Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748, anthu n'kuyamba kusirira mizere yowongoka ya Aroma ndi Agiriki, zokhotakhota zija n'kuyamba kuoneka zachikale.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwera. Wogulitsa akalemba kuti « d'époque Louis XV » ndiye kuti akulonjeza kuti chinthucho chinapangidwadi nthawi imeneyo. Akalemba « de style Louis XV » akungonena kuti maonekedwe ndi omwewo, chitha kukhala cha 1880 kapena cha chaka chatha. Zili ngati chitenje choti agogo anu anavaladi pa ukwati wawo ndi china chosindikizidwa lero maluwa ofanana, pamaso n'chimodzimodzi koma mumtima mukudziwa kuti si chimodzi. Mawu awiriwa amasiyanitsa mtengo kutali kwambiri, ndipo ku France si nkhani ya chizolowezi chabe, pali lamulo la pa 3 March 1981, lomwe amalitcha décret Marcus, loti zomwe walemba pa lisiti kapena mu kabuku ka okushoni uziyankha.

Chidindo cha mmisiri

Ku Paris wa nthawi imeneyo sunkangodzuka n'kutsegula shedi ya ukalipentala. Panali bungwe la amisiri lomwe linkayang'anira chilichonse, ndani aphunzire, zaka zingati, ndani aloledwe kugulitsa. Ndipo ntchito inali yogawana mosamalitsa. Menuisier ankagwira thabwa lathunthu, mipando, mabedi. Ébéniste ankapanga makabati ndi madesiki okutidwa ndi timatabwa topyapyala ta mitengo yodula yochokera kutali, todulidwa n'kumatidwa ngati maluwa. Dzina lakelo likuchokera ku ébène, mtengo wakuda bii wolemera, wofanana ndi phingo yemwe osema ziboliboli kwathu kuno amamudziwa bwino. Mpando umodzi unkadutsa m'manja ambiri, wina kukhoma, wina kusema, wina kupaka golide, wina kukuta nsalu, ndipo aliyense sankaloledwa kulowerera ntchito ya mnzake.

Malamulo a bungweli a mu 1743, omwe anayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1751, anakakamiza mmisiri aliyense kudinda dzina lake pa katundu. Chidindochi ndi chomwe amati estampille. Ndi kachitsulo kolembedwa dzina, amakamenya ndi hamala pamalo obisika, kunsi kwa mpando kapena pansi pa mwala wa mabo womwe umakhala pamwamba pa kabati. Oyendera a bungwe akakhutira ankawonjezera chawo, zilembo zitatu JME. Cholinga sichinali kutchukitsa munthu, chinali kutsekereza amisiri osalembetsa komanso kutolera kandalama. Koma lero chidindo chomwecho ndi chomwe chimasandutsa kabati wamba kukhala chuma, makamaka likakhala dzina ngati Jean-Henri Riesener, Mjeremani yemwe anamaliza desiki yotchuka ya Louis XV mu 1769 patatha zaka zisanu ndi zinayi Jean-François Oeben ataiyamba, kapena Georges Jacob pa mipando.

Vuto lake n'loti chidindo si umboni wokwanira, mbali zonse ziwiri. Katundu wina wabwino kwambiri alibe chidindo, chifukwa anapangidwa 1751 isanafike, kapena 1791 itadutsa pomwe mabungwewa anathetsedwa, kapena ndi amisiri a mfumu omwe lamuloli silinkawakhudza. Ndipo kachitsulo kodindira munthu atha kusula. Zili ngati chizindikiro chowotcha pa ng'ombe, chimathandiza, koma wakuba wochenjera nayenso ali ndi moto.

Mbiri ya mwini

Mawu aakulu kuposa onse ndi provenance, kutanthauza mndandanda wa manja omwe chinthu chadutsamo kuchokera tsiku lomwe chinatuluka mu shedi. Apa ndi pomwe pali ndalama zenizeni. Mipando iwiri yofanana, mmisiri mmodzi, chaka chimodzi, koma umodzi uli ndi umboni woti unali m'chipinda cha Marie-Antoinette, mkazi wa mfumu Louis XVI, basi mtengo wake wauluka, winawo watsala pansi.

Chifukwa chake chili mu mbiri. Anthu ataukira ufumu mu 1789 n'kupha Louis XVI mu January 1793, boma latsopano linkafuna ndalama, nde linagulitsa katundu wa ku Versailles pa okushoni yomwe inatenga chaka chathunthu, August 1793 mpaka August 1794, magulu a katundu oposa 17,000. Zambiri zabwino zinathera kunja, makamaka ku England, n'chifukwa chake lero ukafuna kuona makabati a Riesener umapita ku Wallace Collection mu London kapena ku Waddesdon Manor, nyumba yomwe Ferdinand de Rothschild anamanga kumudzi ku England motengera nyumba za ku France. Versailles inatsala chigoba, ndipo kwa zaka zambiri tsopano yakhala ikusakasaka katundu wake kuti imugulenso. Ofesi yomwe inkasunga katundu wa mfumu, Garde-Meuble de la Couronne, inkalemba zonse m'mabuku, tsiku, mmisiri, chipinda, n'kulemba nambala pa chinthucho ndi inki, pena kudinda chizindikiro cha nyumba yake. Mabukuwo alipo mpaka pano. Zili ngati mapepala a malo, munda ndi womwewo koma wokhala ndi mapepala ndi wopanda mapepala sagulidwa mofanana.

Apa mutha kuona pomwe Pallot ndi mnzake analowera. Munthu wodziwa mabukuwo amadziwanso pomwe pali mpata, kuti mipando inaodedwa yochuluka chonchi, yomwe ikudziwika ndi iyi, ina sinapezeke. Nde umangopanga yosowayo. Ankagula mipando yeniyeni ya m'ma 1700 koma yotchipa, kuti thabwa likhale lakaledi ngakhale wina ataliyeza, n'kuisema mwatsopano, kupaka golide, kuikapo chidindo ndi timapepala tooneka tofumbwa. Yemwe anayamba kukuwa anali wogulitsa mnzawo, Charles Hooreman, yemwe anaphunzirapo kwa Pallot yemweyo. Iye ankatembenuza mpando n'kuyang'ana kunsi, momwe chida chinadutsira, mtundu wa thabwa pansi pa kapepala komatidwa, ndipo ananena yekha kuti mpando wina anachita kuunyambita n'kumva kukoma kwa réglisse, muzu wotsekemera wopangira maswiti akuda, womwe ankausungunula n'kupaka kuti thabwa lioneke lothimbirira ndi zaka. Kwa nthawi ndithu anthu sankamumvera, poti Pallot, yemwe iye ankamutsutsayo, ndi yemwe aliyense ankakafunsako nzeru. Apolisi anamanga Pallot mu 2016, chigamulo n'kudzabwera patatha zaka zisanu ndi zinayi.

Provenance ilinso ndi mbali yowawa. A Nazi a ku Germany atalowa mu France mu 1940 analanda katundu wa mabanja achiyuda, a Rothschild anali m'gulu la oyamba. Nkhondo itatha zinthu pafupifupi 60,000 zinabwerera ku France, zokwana ngati 45,000 zinabwezedwa kwa eni ake, ndipo zoposa 2,000 zinasungidwa m'nyumba za boma zoonetsera zakale kudikira eni. N'chifukwa chake wogula wosamala akaona kuti mbiri ya chinthu yangoti zii pakati pa 1933 ndi 1945 amayamba wafunsa kaye.

Nanga katundu wakumudzi weniweni?

Si zonse zili m'nyumba za kumudzi ku France zomwe ndi zachifumu. Anthu wamba anali ndi zawo, zokhomedwa ndi kalipentala wa m'deralo ndi mitengo ya konko, zopanda golide, zambiri zopanda chidindo. Ku Normandie kunali kabati yaikulu ya ukwati yomwe mkwatibwi ankapita nayo kubanja itadzaza nsalu, pamwamba atasemapo nkhunda ziwiri kapena dengu la maluwa. Ku Provence kunali panetière, kakabati ka timizati kopachika pakhoma kosungira buledi kuti mpweya uzidutsa. Izi ndi zomwe anthu ambiri amatanthauza akamati nyumba yooneka ya kumudzi ku France, ndipo zimapezeka pa misika ya zakale yotchedwa brocante kapena pa msika waukulu wa Saint-Ouen kunja kwa Paris, kaunjika wa mipando tingotero. Mtengo wake ndi wofikirika, moti makabati akuluakulu aja atsika mtengo zaka zapitazi chifukwa m'mafulati a masiku ano salowa. Ine pandekha izi zimandigwira mtima kuposa zagolide zija, ukaona pachitseko pomwe dzanja lakhala likugwira mibadwo isanu mpaka thabwa kusalala.

Zojambula: kamawu kamodzi, mtengo wina

Pa zithunzi zojambula pamanja lamulo lija la 1981 linaika makwerero. Akangolemba dzina la wojambula, akutsimikiza kuti ndi dzanja lake. « Attribué à » ndiye kuti pali zifukwa zomveka zoganizira kuti ndi iyeyo koma sakulumbira. « Atelier de » chinajambulidwa pa malo ake antchito kapena iye akuyang'anira, mwina ndi ophunzira ake. « École de » ndi wophunzira wake kapena wina yemwe anatengera kwa iye. « Dans le goût de » kapena « manière de » palibe lonjezo lililonse. Zikufanana ndi kusiyana kwa diresi losoka telala mwini shopu, losoka mnyamata wake iye akuona, ndi losoka wina kutsidya atangoonera.

Kuti muone kulemera kwa timawu timeneti, mu 1968 banja lina linagulitsa chithunzi pa okushoni ku Paris pa mafuranki 2,200 chabe, katswiri atawauza kuti ndi cha ophunzira a Carracci a ku Italy. Louvre inachitenga n'kuchipachika ngati cha Nicolas Poussin, mmodzi mwa ojambula akuluakulu a ku France. Banja linapita kukhothi, mlandu unayenda mpaka 1987 pomwe malondawo anathetsedwa chithunzi n'kubwerera kwa eni ake. Chithunzicho sichinasinthe ngakhale kadontho, chinasintha ndi dzina lolembedwa pansi pake.

Boma likalowererapo

Louvre inatenga bwanji chithunzi chija pa okushoni? Kuyambira 1921 boma la France lili ndi mphamvu yotchedwa préemption. Hamala ikangogunda, nthumwi ya boma imaimirira n'kunena kuti boma latenga pa mtengo womwewo, wopambana uja n'kubwerera chimanjamanja. Palinso trésor national, chuma cha dziko. Chinthu chakale chodula chikafuna kutuluka m'dziko chimafunika satifiketi, ndipo boma litha kukana kwa miyezi 30 kuti lipeze ndalama zogulira.

Chitsanzo chake ndi cha mu 2019 ku Compiègne. Gogo wina ankasamuka, wa okushoni atabwera kudzaona katundu anaona kachithunzi kakang'ono ka pathabwa kali pakhoma pafupi ndi pophikira, banja linkangokatenga ngati kachithunzi wamba ka mapemphero. Kanapezeka kuti ndi ka Cimabue, wojambula wotchuka wakale wa ku Florence ku Italy, ka m'ma 1280. Kanagulidwa mayuro 24 miliyoni, boma linakaniza kutuluka, ndipo mu 2023 kanalowa ku Louvre. Koma dziwaninso kuti mipando ija inapita kwa kalonga wa ku Qatar nayonso boma linali litaitcha chuma cha dziko, isanadziwike kuti ndi yabodza.

Lamulo lina lomwe likukhudza katunduyu ndi la minyanga ya njovu, poti makabati ndi mabokosi ambiri akale anakongoletsedwa nayo. Kuyambira 2022 mayiko a European Union salola kugulitsa chinthu chotere pokhapokha chikhale chopangidwa 1947 isanafike komanso chili ndi satifiketi, pofuna kuti mnyanga wa njovu yophedwa dzana usamadutse ponamizira ukale.

Zomwe sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la akatswiri. Odziwadi mipando ya m'ma 1700 ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwewonso amagulitsa. Ena akuti woyeza asamakhale wogulitsa, ena akuti diso limakula ndi kugwira katundu tsiku ndi tsiku, ukachotsa ogulitsa watsala ndi ndani? Makina oyezera zaka za thabwa alipo, koma tawona kale kuti thabwa litha kukhala lakale ntchito ili yatsopano.

Lachiwiri ndi kukonza. Mpando wa zaka 250 nsalu inasinthidwa kangapo, golide anapakidwanso, mwendo umodzi unafumbwa n'kuikidwa wina. Zili ngati njinga ya agogo yoti matayala, tcheni ndi chishalo zonse n'zatsopano, yatsala felemu yokha. Ifike pati kuti tisiye kuitcha yakale? Ogulitsa ndi osunga zakale sayankha mofanana.

Lachitatu, katundu azikhala m'nyumba yomwe anasonkhanitsidwira kapena eni ake ali ndi ufulu womwaza? Lamulo la 2016 linapatsa boma njira yotetezera katundu wa nyumba yakale ngati gulu limodzi, ngakhale kumumangirira pamalo pomwepo mwini akavomera. Koma mabanja ambiri amati denga la nyumba zimenezi limadya ndalama zoopsa, msonkho wa chuma chamasiye nawonso ulipo, osagulitsa kabati nyumba igwa. Ndipo wina atha kufunsa kuti nyumba ya Béatrice ija, yomwe lero tikufuna isamwazike, si inadzaza ndi zinthu zomwazika kuchokera m'nyumba za ena?

Lomaliza ndi la zinthu zomwe zinachoka kwa eni ake mokakamiza. Mu 2021 France inabweza ku Benin zinthu 26 zomwe asilikali ake anatenga ku Abomey mu 1892, ndipo mu 2023 inakhazikitsa lamulo lofewetsa kubweza zomwe zinalandidwa kwa Ayuda. Koma malamulowa akukhudza zomwe zili m'manja mwa boma. Zomwe zili m'zipinda zochezera za anthu, m'nyumba za ku Provence kapena ku Normandie zomwe palibe amalowamo kupatula eni ake ndi alendo awo, ndani angaziwerenge, ndipo mwini yemwe anagula mosadziwa zaka 40 zapitazo aziyankha chiyani mdzukulu wa wolandidwa akagogoda pakhomo?